Kunyamula chigayo, jenereta kapena injini yolemera pa mtengo wotsika

Munthu akamagula chigayo ku Limbe, ku Kanengo kapena ku Johannesburg, ndalama imene amawerengera mosamala ndi ya makinawo. Ya thiransipoti amaikumbukira atalipira kale, katundu ali pakhonde la shopu, dzuwa likupendeka. Mwini lole amaona zonsezo, ndipo mtengo amautchula potengera changu chanucho. Makina olemera amayenda motchipa akakwera galimoto imene inali kupita kale komwe mukufunako. Kuti zimenezo zitheke pamafunika masiku angapo odikira, miyeso yolondola, ndi katundu wokonzedwa bwino moti dalaivala sangamukane. Pano titenga chitsanzo cha chigayo cha dizilo, koma njira yake ndi yomweyo pa jenereta, kompuresa, makina owotcherera zitsulo kapena pampu yaikulu ya madzi.

Yezani musanaimbire foni aliyense

Mawu akuti "ndi kachigayo basi" sathandiza munthu wa thiransipoti. Akapanda kudziwa kukula kwa katundu amatchula mtengo wokwera kuti adziteteze, kapena amatchula wotsika n'kudzausintha galimoto itafika. Khalani ndi manambala anayi a chidutswa chilichonse: mulitali, mulifupi, msinkhu ndi kulemera. Kulemera kwa injini kapena mota kumalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa m'mbali mwake, kapena m'kabuku kobwera ndi makinawo. Injini ya dizilo ya silinda imodzi, ya mahosipawa 20 mpaka 24, yomwe imayendetsa zigayo zambiri zakumudzi, imalemera pafupifupi makilogalamu 200 payokha. Onjezani chigayo chogaya, chokonola, felemu yachitsulo ndi zotsalira zina, mudzaona kuti zonse pamodzi zikhoza kupitirira theka la tani. Ngati palibe polembedwa, pitani nacho pa sikelo yaikulu ya ogula mbewu kapena ogula zitsulo zakale.

Makampani onyamula katundu salipiritsa kulemera kokha. Amaonanso malo amene katundu wadya m'galimoto, ndipo amatenga chimene chakula pa ziwirizo. Pamsewu ambiri amawerengera kuti kiyubiki mita imodzi ikufanana ndi makilogalamu 333. Pa sitima yapamadzi kiyubiki mita imodzi amaifananitsa ndi tani imodzi, pomwe pa ndege ndi makilogalamu 167. Tiyerekeze kuti chigayo cholemera makilogalamu 280 chaikidwa m'bokosi la matabwa la mamita 1.2 mulitali, mita 1 mulifupi ndi mamita 1.5 msinkhu. Mukachulukitsa miyeso itatuyo, malo ake ndi makiyubiki mita 1.8, kutanthauza kuti pamsewu mulipira ngati makilogalamu 600. Mukachotsa chothirira chimanga chapamwamba ndi chitini chotulukira ufa, msinkhu n'kutsika kufika pa masentimita 80, malowo amakhala makiyubiki mita 0.96, ndipo mulipira ngati makilogalamu 320. Zochotsedwazo n'zopepuka, zimalowetsana, ndipo zimatenga malo ochepa zikamangidwa pazokha. Sipanala ndi ola limodzi la ntchito zadula gawo lalikulu la mtengo.

Phwasulani, koma mwadongosolo

Chotsani chilichonse chotuluka kunja kapena chopindika msanga: chothirira chimanga, mapaipi a ufa, ekizozi, sefa ya mpweya, thanki ngati ili pamwamba, malamba, ndi chotchingira malamba. Injini ndi chigayo zikhale zidutswa ziwiri zosiyana. Zikamangiriridwa pa felemu imodzi yaitali, felemuyo imapindika pokweza, kenako mapule sayang'anizananso bwino ndipo malamba amangoduka mwezi ndi mwezi. Musanamasule bawuti iliyonse jambulani ndi foni mbali zonse. Mabawuti a chidutswa chimodzi alowe m'kajumbo kawo, kalembedwe dzina, kamangiriridwe ku chidutswacho. Bawuti yotayika panjira ndi yotchipa ku Blantyre, koma kumudzi ikhoza kuimitsa ntchito sabata yathunthu.

Khuthulani dizilo, madzi ndi oyilo, ndipo masulani mawaya a batire ngati ilipo. Dizilo akatayikira pa matumba a ufa kapena shuga a munthu wina m'galimoto yogawana, amene amalipira ndi inu. Mukakhuthula oyilo mangirirani kachikatoni pa chogwirira cholizira injini, mulembepo ndi zilembo zazikulu kuti mulibe oyilo. Injini zambiri zimafera pamenepa: katundu wafika, anthu asangalala, wina waliza kuti amve kulira kwake, ndipo m'mphindi zochepa mkati mwapsa. Mabowo onse otseguka, monga polowera mpweya ndi potulukira utsi, atsekeni ndi pulasitiki ndi tepi kuti fumbi ndi mvula zisalowe.

Pali vuto lina losaoneka ndi maso. Shafuti ikamagwedezeka ulendo wonse makina asakuzungulira, timipira ta m'mabering'i timagunda malo amodzimodzi mpaka kusiya timaenje. Makinawo amafika akuoneka bwinobwino, koma pakatha masabata angapo bering'i imayamba kulira ndi kutentha. Pofuna kupewa zimenezi, panikizani shafuti ndi kathabwa kapena imangeni ndi lamba kuti isasewere, ndipo mahamala a m'chigayo amangeni pamodzi ndi waya. Zitsulo zopanda penti pakani girizi, makamaka ngati katundu adutsa panyanja.

Pansi pa chidutswa chilichonse cholemera pakhale paleti kapena matabwa awiri ochindikala, ndipo miyendo ya makina ikhomeredwe ku matabwawo ndi mabawuti odutsa, osati misomali. Paleti yofala kwambiri ndi ya mamita 1.2 kwa mita 1. Matabwa amakulitsa pokhalira kuti makina asagubuduke, komanso amasiya mpata wolowetsa mano a forklift (kagalimoto kokwezera katundu wolemera) kapena mapaipi ogubuduzira. Katundu wodutsa malire a mayiko amafunika matabwa ophikidwa okhala ndi chidindo cha ISPM 15, choncho uzani wogulitsa asanakhome bokosi.

Funani galimoto yopita yopanda kanthu

Mukachita hayala lole yonse mumalipira ulendo wopita ndi wobwerera, ngakhale katundu wanu atadzaza kakona kamodzi kokha. Mukapeza lole imene ikupita kale komweko kukatenga katundu wina, dizilo wa ulendowo alipo kale womulipira, ndipo chimene mungapereke ndi phindu lowonjezera kwa mwini wake. Apa ndiye pagona kutchipa konse.

Ku Malawi kayendedwe ka malole kamatsata nyengo. Kuyambira mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, malole amachoka m'tauni opanda kanthu kukatenga mabelo a fodya opita ku misika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, komanso chimanga, soya ndi mtedza. Kumwera, nandolo akamakololedwa ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, zimachitikanso chimodzimodzi. Imeneyi ndiyo nthawi yabwino yotumiza makina kuchoka m'tauni kupita kumudzi, ndipo misewu yafumbi imakhala youma. Kuyambira cha mu Okutobala zinthu zimatembenuka: malole amapita kumidzi atadzaza feteleza ndi mbewu, n'kubwerera opanda kanthu. Nthawi imeneyo ndi yabwino kwa amene akufuna kupita ndi injini m'tauni kukakonzetsa. Mvula ikakhazikika mu Disembala, madalaivala ambiri amakana kuchoka pa tala, ndipo ovomerawo amakweza mtengo chifukwa akudziwa kuti akhoza kugona m'matope.

Yambirani kufunsa kumene katundu akupita, osati kumene akuchokera. Ogula mbewu pa msika wa kwanuko, mwini golosale yaikulu amene amaoda m'tauni, atsogoleri a kalabu ya alimi a fodya, onsewa amadziwa lole imene ikubwera ndi tsiku lake. Lankhulani ndi mwini galimoto. Dalaivala akhoza kukupatsani mtengo wotsika kwambiri mwamseri, koma chikachitika china panjira mwini wake adzati katunduyo sakumudziwa, ndipo mulibe pogwira. Madobadoba a pamalo oimika malole nawo amaika yawo pamwamba, ndiye funsani molunjika ngati amene mukulankhula naye ndi mwini galimotoyo.

Kukula kwa galimoto kugwirizane ndi katundu. Pikapu ya tani imodzi imanyamula injini ndi chigayo chimodzi, bola zikhale kutsogolo kwa bodi, pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala. Zikakhala kumbuyo kwenikweni, matayala akutsogolo amapepuka ndipo chiwongolero sichimvera. Zigayo ziwiri ndi injini zake zimafuna lole ya matani atatu. Ngati lole yogawanayo yadzaza kale, musaumirire. Pa sikelo ya pamsewu, monga ya ku Balaka, galimoto yopyola muyeso imaimitsidwa, ndipo katundu wokwera pomaliza ndi amene amayamba kutsitsidwa.

Katundu wochokera kunja

Malawi amaitanitsa katundu wambiri kuposa amene amatumiza kunja, motero mathiraki olowera kuno amabwera odzaza ndipo malo ake ndi odula. Njira yotchipa ndi kuphatikiza katundu wanu ndi wa anthu ena m'thiraki imodzi. Kuchokera ku Johannesburg, thiraki imadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, kenako imalowera pa Mwanza ngati ikupita ku Blantyre kapena pa Dedza ngati ikupita ku Lilongwe. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 1,600 wodutsa zipata zitatu. Funsani tsiku lenileni lonyamukira, chifukwa ena amadikira mpaka thiraki idzaze, ndipo katundu wanu akhoza kukhala m'nyumba yosungira masabata angapo. Funsaninso ngati mtengo watchulidwawo ukuphatikiza ndalama za misewu ndi mapepala odutsira ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, komanso ngati katundu adzasamutsidwe kupita m'galimoto ina panjira. Kusamutsa kulikonse ndi mpata wina woti makina agwe.

Mabasi okoka ngolo ndi abwino pa kampope kapena mota yaing'ono imene amuna awiri anganyamule. Injini ya makilogalamu 200 siyenera kukwera pamenepo.

Ku South Africa msonkho wa VAT ndi 15 peresenti. Wogulitsa wolembetsedwa akatumiza yekha katundu kunja kwa dzikolo ndi mapepala oyenera, monga fomu ya SAD 500, akhoza osakulipiritsani msonkhowo. Kambiranani zimenezi musanalipire, popeza pa makina odula ndalamayo ikhoza kukwana mbali yaikulu ya thiransipoti. Ngati makinawo anapangidwa ku South Africa komweko, pemphani satifiketi ya SADC yosonyeza kumene anapangidwa, chifukwa imatsitsa msonkho wolowera kuno. Makina opangidwa ku China koma ogulidwa ku Johannesburg sapeza mwayi umenewu.

Oitanitsa ku China kapena ku India asamale ndi zilembo zitatu zolembedwa pa invoyisi. EXW ikutanthauza kuti zonse kuchokera pakhomo la fakitale ndi zanu. FOB ndiye kuti wogulitsa afikitsa katundu mpaka kukwera sitima. CIF Beira kapena CIF Dar es Salaam ikutanthauza kuti walipira mpaka padoko lokhalo. Kuchokera pamenepo pali ndalama zotsitsira, zotsegulira kontena, za ejenti wa padoko, ndi ulendo wapamtunda: kuchoka ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe ndi chitunda cha Chiweta, kapena kuchoka ku Beira kudzera ku Tete. Mtengo wapanyanja ukaoneka wotsika modabwitsa, kawirikawiri ndalama yabisidwa padoko lofikira. Pemphani mtengo umodzi wolembedwa wofika mpaka ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Kontena yanuyanu ya mafiti 20, yomwe imalowa makiyubiki mita pafupifupi 33, imayamba kupindulitsa pokhapokha mutakhala anthu angapo oitanitsa pamodzi.

Za msonkho konzani katundu asananyamuke. MRA imawerengera msonkho pa mtengo wa katundu kuphatikiza thiransipoti ndi inshulansi, ndiye thiransipoti yodula imakwezanso msonkho. Khalani ndi TPIN (nambala yanu ya wolipira msonkho ku MRA), invoyisi yeniyeni yokhala ndi nambala ya makina, ndi mndandanda wa zimene zili m'bokosi lililonse. Pezani ejenti wovomerezeka akuuzeni gulu limene makina anu akugwera m'buku la misonkho: makina ogaya mbewu nthawi zambiri ali mu 8437, injini za dizilo mu 8408, mamota a magetsi mu 8501, majenereta mu 8502. Magulu amenewa salipira mofanana, ndipo makina ena a ulimi ndi a m'mafakitale ali ndi msonkho wotsika. Wina akakuuzani kuti mulembe mtengo wochepa pa invoyisi, kanani. A kasitomu akaukayikira amaika mtengo wawo, amawonjezera chindapusa, ndipo masiku onse amene katundu wagwidwa mumalipira malo osungira.

Pangano lilembedwe

Ngakhale pa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Mitundu, lembani pa pepala kapena pa WhatsApp: katundu ndi nambala yake, nambala ya galimoto, pokwezera, potsitsira penipeni, tsiku, mtengo wonse, ndi amene alipire okweza ndi otsitsa. Mikangano yambiri imabuka pa "potsitsira penipeni". Inu mukuganiza za pakhomo la chigayo, dalaivala akuganiza za pa msika pomwe pathera tala, ndipo makilomita asanu otsalawo adzakudyerani ndalama ina ya ngolo ndi aganyu. Muuzeni zoona za msewuwo, milatho yamitengo ndi zitunda zake. Lipirani gawo ponyamuka, lotsala katundu akatsika, ndipo lipirani kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni.

Onyamula ambiri amalemba kuti katundu akuyenda mwini wake atavomera kuti chilichonse chochitika ndi chake. Inshulansi ya galimoto sikutanthauza inshulansi ya katundu. Funsani ngati ali ndi inshulansi ya katundu wa paulendo ndipo muone pepala lake. Ngati alibe, gulani yanu ya ulendo umodziwo. Pa makina amene mwasonkhera zaka, kapena mwagula ndi ngongole, iyi si ndalama youmira.

Kukweza ndi kumanga

Kumene kuli forklift igwiritseni ntchito, ngakhale atakulipiritsani. Kumene kulibe, gwiritsani ntchito chain block (chokwezera katundu cha tcheni chokoka pamanja) ya tani imodzi. Musakoleke chingwe pa shafuti, pa pule, pa fulayiwilo kapena pa mapaipi a dizilo. Chingwe chidutse pansi pa felemu kapena m'mphete zonyamulira zimene anaika opanga. Mphete ya pamwamba pa mota inapangidwira kulemera kwa mota yokhayo, osati mota pamodzi ndi felemu ndi chigayo. Kwezani masentimita ochepa kaye muone ngati katundu akupendekera mbali imodzi, popeza injini imalemera kwambiri mbali ya fulayiwilo.

M'galimoto, makina akhale choimirira, pakati pa bodi, atagunda chotchinga chakutsogolo kapena atatsekerezedwa ndi matabwa mpaka kukafika kumeneko. Pansi yalani zidutswa za matayala akale. Chitsulo pa chitsulo chimaterera ngati pa sopo, ndipo kulemera pakokha sikugwira katundu. Dalaivala akaponda buleki mwamphamvu, katundu amakankhira kutsogolo ndi mphamvu yofika magawo asanu ndi atatu mwa khumi a kulemera kwake, ndipo pokhota amakankhira m'mbali ndi theka la kulemerako. Makina a makilogalamu 300 ndiye kuti akukankha ngati makilogalamu 240 kulunjika kumsana kwa dalaivala.

Mangani ndi malamba a ratchet (okhala ndi chitsulo chokungira) a mamilimita 50 mulifupi, osachepera anayi pa chidutswa chachikulu, lamba aliyense achoke pa ngodya yake kupita ku ngowe ya pa bodi: awiri akokere kutsogolo, awiri kumbuyo. Pamene lamba wakhudza m'mphepete mwakuthwa ikani katoni kapena chidutswa cha tayala, apo ayi adzaduka panjira. Zingwe za khonje ndi malegeni zimatamuka, n'zoyenera pa matumba, osati pa injini. Phimbani ndi lona, ndipo musalole anthu kukwera kumbuyo pamodzi ndi makina. Mukayenda makilomita 20 kapena 30 imani mukungenso malamba, chifukwa matabwa amakhala atakhazikika ndipo malamba afooka. Chitaninso chimodzimodzi pochoka pa tala kulowa msewu wafumbi.

Kutsitsa kumudzi

Apa ndi pamene makina ambiri amathyoka ndi zala za anthu kuphwanyika, ulendo wonse utayenda bwino. Konzani potsitsira galimoto isanafike. Njira yotchipa ndiponso yotetezeka ndi kufananitsa bodi ndi nthaka. Kumbani dzenje lotsetsereka lotakata kuposa galimoto, lozama molingana ndi msinkhu wa bodi, womwe pa lole yaing'ono ndi pafupifupi mita imodzi, kuti lole ibwerere m'mbuyo n'kulowamo. Ngati pafupi pali chulu kapena mtunda wa m'mbali mwa msewu, semani mbali imodzi ikhale yoongoka, lole igunde pamenepo. Kenako yalani matabwa, ikani mapaipi atatu kapena anayi achitsulo pansi pa paleti, n'kumakankha pang'onopang'ono, paipi yotsala m'mbuyo n'kumaibweretsa kutsogolo. Anthu atatu amasuntha injini imene anthu asanu ndi atatu akanalimbana nayo pamanja.

Njira ina ndi kuzika mizati yolimba mbali zonse ziwiri za lole, kupingasa mtanda wachitsulo kapena mtengo wokhwima pamwamba, n'kukolekapo chain block. Kwezani makina pang'ono, lole ichoke pansi pake, kenako tsitsani. Nthambi ya mango musaikhulupirire, imathyoka mosachenjeza. Ngati palibiretu njira ina koma kutsetsereza pa matabwa, akhale ochindikala mamilimita 50, otalika mamita atatu kapena anayi, ochirikizidwa pakati ndi njerwa kapena zitsa. Chingwe chokulungidwa ku chitsulo cha kutsogolo kwa bodi chizigwira katundu kumtunda, ndipo kumunsi kusaime munthu. Wolamula akhale mmodzi, ana akhale kutali, ndipo wovala patapata asayandikire.

Musanasayine kapena kupereka ndalama yotsala, zungulirani makina dalaivala ali pomwepo. Yang'anani miyendo ya injini ngati yang'aluka, popeza chitsulo chake ndi chosungunula ndipo chimathyoka m'malo mopindika. Onani mapaipi a dizilo, thanki ndi fulayiwilo. Zungulitsani shafuti ndi dzanja, iyende mosalala popanda kukhula. Werengani zidutswa molingana ndi mndandanda wanu. Chilichonse cholakwika chilembedwe pa pepala lolandirira katundu ndipo chijambulidwe nthawi yomweyo, chifukwa a inshulansi amavuta kulandira dandaulo lobwera galimoto itapita kale.

Maziko a simenti akhale atathiridwa kale, osachepera sabata imodzi makina asanakhalepo, ngakhale konkire imafika pa mphamvu yake yonse pakatha masiku 28. Mukamanga injini ndi chigayo pamalo pake, kokani chingwe chowongoka m'mbali mwa mapule awiriwo, chikhudze onse mofanana. Chotsani waya wa pa mahamala ndi kathabwa kopanikiza shafuti, thirani oyilo mpaka pa chizindikiro, thirani madzi, tulutsani mpweya m'mapaipi a dizilo, ndipo lizani injini kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu musanathire chimanga, mukumvetsera mabering'i ndi kuwagwira ngati akutentha.